Kusirira, Kukhumba ndi Kulakalaka: Liwu Limodzi la Chigiriki m'Buku Lopatulika

Mwana aliyense amene anakhalako pa benchi la sukulu ya mishoni, kapena m'kalasi ya mpingo, adziwa kuti Malamulo Khumi atsirizira pa kuletsa kusirira za mwini. Ngati anali womvetsera, adziwanso kuti pa Mateyu 5:28 Yesu atsutsa mwamuna woyang'ana mkazi kuti amkhumbe, ndi kuti pa Luka 22:15 Yesu yemweyo auza ophunzira ake za kulakalaka kwake kudya nawo Paskha asanamve zowawa. Awa ndi mawu atatu osiyana, kusirira, kukhumba ndi kulakalaka, ndipo wowerenga Buku Lopatulika alibe chomchititsa kuganiza kuti pali chibale pakati pawo. Koma m'Chigiriki onsewo ndi mneni mmodzi, epithumeo, ndipo dzina la pa tsinde lomwelo ndi epithumia. Mneni ameneyu ndiye ali pa Mateyu ndi pa Luka, ndiponso ndiye anaima m'malo mwa mawu a Chihebri pamene Ayuda anatembenuzira Malamulo m'Chigiriki. Funso tsono ndi ili: kodi omasulira anachita bwino pong'amba liwu limodzi patatu, nanga pong'ambapo chinagwa pansi nchiyani?

Funsoli silipeputsa ntchito ya akuluakulu aja. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed atasenza gawo lalikulu la ntchitoyo pamodzi ndi aphunzitsi eni chilankhulo, ndilo laumba Chichewa cholembedwa koposa buku lina lililonse, ndipo mawu ake ali m'kamwa mwa anthu ngakhale amene sanalitsegulepo. Nchifukwa chake liyenera kuyesedwa mosamala, pakuti liwu lopendekeka m'buku lotere lipendeketsa maganizo a mibadwo ingapo. Anadza pambuyo pake Malembo Oyera a Akatolika m'chaka cha 1966 ndi Buku Loyera m'chaka cha 1998, koma likambidwa pano ndi Buku Lopatulika lokha.

Epithumia ndi mawu awiri olumikizidwa: epi, mperekezi wonena "pa", ndi thumos, ndiwo mtima umene utentha, ukwiya, kapena ulimba pa nkhondo. Chotero tanthauzo lake la pansi ndi kuika mtima pa chinthu. Agiriki akale sanamve fungo la tchimo m'liwuli. Plato, amene anamwalira m'chaka cha 347 Khristu asanabadwe, anagawa moyo wa munthu patatu m'buku lake lotchedwa Republic: gawo lolingalira, gawo la ukali, ndi gawo la zokhumba, limene analitcha epithumetikon. Zitsanzo zimene anati ndizo zoonekeratu za gawo lachitatuli ndi njala ndi ludzu, ndipo anaphunzitsa kuti ludzu palokha lifuna chakumwa basi, losasankha chabwino kapena choipa. Kusankhako ndi ntchito ya gawo lolingalira. Amene analidetsa liwuli koposa ndi Astoiki, omwe aja anatsutsana ndi Paulo ku Athens pa Machitidwe 17:18. Iwo anawerenga epithumia pakati pa nthenda zinayi za mtima, pamodzi ndi mantha, chisoni ndi kukondwera ndi zokoma, nati munthu wanzeru ayenera kuzizula zonse.

Koma olemba Chipangano Chatsopano sanaphunzire mawu awo a chipembedzo kwa Plato. Anawayamwa m'Baibulo la Chigiriki lotchedwa Septuagint, limene mabuku ake asanu a Mose anatembenuzidwa ku Alexandria pakati pa zaka za 300 ndi 200 Khristu asanabadwe. Mwambo wakale uti omasulirawo anali akulu 72. Iwowa anapeza aneni awiri a Chihebri pa lamulo lotsiriza. Pa Eksodo 20:17 pali chamad, wonenedwa kawiri. Pa Deuteronomo 5:21 pali chamad pa mkazi wa mnzako, koma pa nyumba ndi munda pali mneni wina, awah. Omasulira a ku Alexandria anawamanga onse awiri ndi epithumeo. Anachitanso china chimene chidzafunika patsogolo: ngakhale Eksodo wa Chihebri ayambira pa nyumba, iwo anaika mkazi patsogolo m'malo onse awiri. Myuda aliyense womva Chigiriki, akamva epithumeo pafupi ndi liwu lakuti mkazi, anakumbukira chiyambi cha lamulo lotsiriza.

Aneni a Chihebri awiriwa nawonso sali oipa mwa iwo okha. Tsinde la chamad ndilo lifotokoza kukoma kwa mitengo imene Mulungu anameretsa m'munda pa Genesis 2:9, tchimo lisanalowe, ndipo ndilo lifotokozanso mtengo woletsedwa pa Genesis 3:6. Pa Salimo 19:10 linenedwa za maweruzo a Yehova poyerekeza ndi golidi, ndipo Septuagint yaikapo mfotokozi wa pa tsinde la epithumia. Pa Danieli 9:23 mngelo amtcha mneneriyo ndi dzina la pa tsinde lomweli, kunena kuti ndi wokondedwa kwambiri.

Chitsanzo chomveka koposa kwa Mchewa ndi cha nyama. Pa Numeri 11 anthu m'chipululu anatopa ndi mana nalirira nyama. Zinziri zinadza, mliri unatsatira, ndipo malo amene anaikapo akufawo anatchedwa Kibroth-hattaavah, dzina limene Septuagint inalimasulira kuti manda a epithumia. Chichewa chili ndi liwu lake la nthenda imeneyi: nkhuli. Anthu aja inawapha ndi nkhuli. Koma pa Deuteronomo 12:20 Mose aloleza Mwisraeli, atalowa m'dziko la lonjezo, kudya nyama monse mtima wake uifunira, ndipo pamenepo Chigiriki chili ndi epithumeo ndi epithumia yemwe. Nkhuli ndi imodzimodzi, pakamwa ndi pomwepo. Chosiyana ndi chakuti m'chipululu nkhuli inadza pamodzi ndi kunyoza chimene Mulungu anapereka ndi kutembenuzira mtima ku dziko la ukapolo, pamene m'dziko la lonjezo munthu akudya za m'khola lake.

Nanga lamulo lotsirizalo liletsa chiyani kwenikweni, zochitika mumtima kapena zochitika ndi manja? Apa akatswiri akhala akukokana kuyambira kale. Pa Mika 2:2 mneneri anena za eni mphamvu amene asirira minda nailanda, asirira nyumba nazitenga. Pa Eksodo 34:24 Aisraeli alonjezedwa kuti palibe adzasirira dziko lawo pamene amuna onse achoka katatu pa chaka kukaonekera kwa Yehova. Ndipo lonjezo lotere likanakhala lopanda pake likadanena za kusirira kwa mumtima chabe, pakuti munthu wa pa ulendo saopa maganizo a mnansi wake, koma aopa kupeza malire a munda atasunthidwa. M'malo awiri onsewa Septuagint ili ndi epithumeo. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda amene anamwalira m'chaka cha 1204, anagamula kuti lamulo la chamad liswedwa pamene munthu aumiriza mnzake kufikira atamgulitsa chinthucho, ngakhale atalipira mtengo wake wonse, ndi kuti lamulo la awah liswedwa mumtima, munthu akangoyamba kulingalira njira yochitengera. Komabe sibwino kukokera nkhaniyi mbali imodzi. Pa Mika pomwepo kulanda kwanenedwa ndi mneni wake wapadera, monganso pa Yoswa 7:21, pamene Akani avomereza kuti anaona, anasirira, natenga. Kusirira sindiko kutenga. Kuli pakati pa diso ndi dzanja, ndipo kuyang'ana kumene dzanja lidzapita.

Mwa Ayuda olankhula Chigiriki lamuloli linayamba kufupika. Philo wa ku Alexandria, amene anakhala m'masiku a Yesu ndi a Paulo, nawerenga Plato ndi Astoiki kwambiri, analifotokoza monga lamulo loletsa epithumia yokha, osatchula mkazi, nyumba kapena ng'ombe, nati ndiyo kasupe wa zoipa zonse. Paulo nayenso alidula chomwecho pa Aroma 7:7 ndi pa Aroma 13:9. Kudula kumeneku ndiko kwachititsa ambiri kuganiza kuti Baibulo liletsa kufuna kulikonse. Koma amene awerenga malo onse adzaona zina. Mneni epithumeo apezeka ka 16 m'Chipangano Chatsopano. Pa malo 6 anena za choipa. Pa malo 9 anena za chabwino kapena za chosowa wamba cha munthu: aneneri ndi olungama ofuna kuona masiku a Khristu pa Mateyu 13:17, angelo ofuna kusuzumira m'zinthu za chipulumutso pa 1 Petro 1:12, munthu wofuna ntchito ya woyang'anira mpingo pa 1 Timoteo 3:1, mwana wolowerera woyang'ana chakudya cha nkhumba pa Luka 15:16, Lazaro woyembekezera nyenyeswa pa Luka 16:21, ndi ena. Malo otsala amodzi, Agalatiya 5:17, ndiwo odabwitsa, pakuti mneni mmodzi agwirira thupi ndi Mzimu pamodzi: thupi lichita epithumeo potsutsa Mzimu, Mzimu nawo potsutsa thupi. Dzina epithumia lipezeka ka 38, ndipo apa choonadi chiyenera kunenedwa: malo ochuluka zedi anena za zoipa, ndipo abwino oonekeratu ndi atatu okha, Luka 22:15, Afilipi 1:23 ndi 1 Atesalonika 2:17. Dzina linali litayamba kuda pamene mneni anali asanade. Ngakhale ndi tero, pa Akolose 3:5 Paulo aona kofunika kuwonjezera mfotokozi wonena "choipa" pa dzinalo, chimene sakadachita likadakhala loipa kale palokha.

Kung'amba kwa liwuli sikunayambe ndi omasulira a ku Nyasaland. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgate, limene ntchito yake yaikulu anaigwira Jerome cha m'ma 400, lili ndi concupiscere pa lamulo ndi desiderare pa Luka 22:15. Koma pa Mateyu 5:28 lasunga mneni yemwe wa pa lamulo, kotero kuti chingwe cha pakati pa Mose ndi Yesu sichinaduke. Chinadukira m'Chingerezi. Baibulo la King James la 1611 lili ndi covet pa Eksodo, lust pa Mateyu, desire pa Luka, ndipo pa Aroma 7:7 ndi 8 laika mawu atatu, lust, covet ndi concupiscence, pa tsinde limodzi m'ndime ziwiri zotsatizana. Pa nthawi imeneyo lust linali liwu lotakata, ndipo linaikidwa ngakhale pa Agalatiya 5:17 pamene Mzimu ali m'katimo. M'kupita kwa zaka linachepa nkukhala la zogonana zokha. Chodabwitsa nchakuti Baibulo la Chidatchi la 1637, limene mpingo wa Murray unali kuwerenga ku South Africa kufikira la Chiafrikaans litatuluka m'chaka cha 1933, lili ndi mneni mmodzi, begeren, pa Eksodo, pa Mateyu ndi pa Luka pomwe. Omasulira a Buku Lopatulika anali nacho chitsanzo chosunga liwu limodzi, koma magawidwe awo afanana ndi a Chingerezi.

Tsono mawu a Chichewawo ayesedwe limodzi limodzi. Kusirira ndi liwu labwino kwambiri pa lamulo lotsiriza, labwino koposa covet wa Chingerezi, amene samvekamveka kunja kwa tchalitchi. Kusirira kuli ndi nkhope ziwiri monga epithumeo. Mayi akaona mnzake atavala chitenje chatsopano nati, "Koma ndiye ndasirira, anzanga," sanachimwe kanthu, ndipo mwini chitenjeyo akondwa. Mlimi asirira chimanga cha mnansi wake, chaka chamawa nayamba kupalira msanga. Anthu anena za banja losiririka ndi khalidwe losiririka, monga momwe wa Salimo ananenera za maweruzo a Yehova. Koma kusirira komweko kukakhazikika, kubala kaduka, ndipo kaduka abala njiru, ndi milandu ya malire, ndi achibale oyamba kuwerenga mbuzi ndi malata a nyumba maliro asanatuluke. Pali chinanso chimene Chichewa chapambana nacho Chigiriki: munthu sasirira chake. M'liwu lakuti kusirira muli kale diso, ndiponso muli kale mwini wa chinthucho. Chimene Chigiriki chiyenera kuchinena ndi mawu owonjezera, kuti chinthucho ndi cha mnzako, Chichewa chachinyamula m'tsinde.

Mphamvu yomweyi ndiyo ichepetsa liwuli. Yesu sakadasirira Paskha, pakuti Paskhayo sanali wa munthu wina. Paulo sakadasirira kuona nkhope za Atesalonika, kumene Mchewa akadati anawapukwa. Chotero omasulira sakadatha kuchita monga Adatchi: kung'amba kwina kunali kosapeweka, ndipo wowadzudzula chifukwa sanaike liwu limodzi ponseponse sadziwa Chichewa. Mlandu uli pa malo pamene anang'ambirapo.

Pa Mateyu 5:28 ndipo panatayika chinthu chachikulu. M'chaputala chimenechi Yesu atenga malamulo a Mose limodzi limodzi. Pa ndime 27 atchula lamulo loletsa chigololo, ndipo pa ndime 28 anena mneni epithumeo pamodzi ndi gune, ndilo mkazi, mawu awiri omwe aja ayambira lamulo lotsiriza m'Septuagint. Womva wa nthawi imeneyo anazindikira kuti malamulo awiri amangidwa pamodzi: wosirira mkazi wa mnzake waswa kale loletsa chigololo. (Mphunzitsi achenjere ndi manambala m'kalasi ya ana a mipingo yosiyana. Kwa Akatolika ndi Alutere, otsata mawerengedwe a Augustine, loletsa chigololo ndi lachisanu ndi chimodzi, ndipo loletsa kusirira lagawidwa pawiri, lachisanu ndi chinayi ndi lakhumi. Kwa Apresibateriya ndi Aanglikani ndi lachisanu ndi chiwiri ndi lakhumi.) Gune m'Chigiriki ndi munthu wamkazi aliyense, komanso ndi mkazi wokwatiwa, ndipo womasulira wa Chingerezi akakamizidwa kusankha pakati pa woman ndi wife. Chichewa sichikakamizidwa: mkazi ali ndi matanthauzo onse awiri, chimodzimodzi gune. Theka la chingwe omasulira analipeza laulere. Likadatsatira liwu lakuti kusirira, mwana woloweza Malamulo akadamva yekha, popanda womuuza, kuti Yesu akunena za Mose. Koma anaikapo kukhumba, ndipo ndimeyo inaima payokha ngati lamulo latsopano.

Kapena wina adzati: kusirira ndi kopepuka, kukadasokoneza tchimo ndi kuyamikira chabe. Yankho lili pawiri. Poyamba, omasulira omwewo sanakuone kupepuka pa Eksodo, pamene chosiriridwa ndi mkazi wa mnzako yemwe. Kachiwiri, kulemera kwa ndimeyi sikuli pa mneni yekha. Chigiriki chili ndi mperekezi pros patsogolo pa mneniyo, m'kalumikizidwe kamene Mateyu akagwiritsa ntchito ponena cholinga. Kapezekanso pa Mateyu 6:1 ndi pa 23:5, za anthu ochita zachipembedzo ndi cholinga chakuti aonedwe. Anthu amenewo sanaonedwe mwangozi; anakonza. Momwemonso wotsutsidwa pa 5:28 sali munthu amene maso ake agwera mkazi pa njira ya kuchitsime, mtima nudumpha. Akale anati maso alibe uku nkwa apongozi. Wotsutsidwa ndiye wobwezera maso dala, woyang'ana kuti adyetse chimene chili mumtima. Ndipo ndime ziwiri zotsatira, 29 ndi 30, zitchula diso kenaka dzanja, njira yomwe ija anayenda Akani, ndiponso Davide pa 2 Samueli 11, amene anaona ali pa tsindwi, nafunsa, nauzidwa kuti mkaziyo ndi wa Uriya, natuma anthu kukamtenga.

Kutayika kumeneku kwabala zipatso ziwiri zowawa. Choyamba chigwera anyamata a msinkhu wa sukulu, amene amva ndimeyi ilalikidwa ngati kuti kutentha kulikonse kwa thupi ndi chigololo chathunthu. Ena alemedwa ndi mlandu umene sangathe kuutula, ena aganiza kuti popeza atsutsidwa kale palibenso chosungira. Ndimeyi sinapereke ufulu wa dama kwa osakwatira, pakuti za dama zanenedwa kwina ndi liwu lina, porneia. Koma sinanenenso kuti kukula ndi tchimo. Chachiwiri chigwera atsikana, pakuti mlaliki wosadziwa kuti ndimeyi ndi mwana wa lamulo loletsa kusirira afulumira kutembenukira ku zovala zawo. Mose sanaimbe mlandu ng'ombe chifukwa chonenepa, kapena munda chifukwa chobereka. Yesu naye aika tchimolo mumtima mwa woyang'anayo, ndipo chokolowola ndi chodula ndi diso ndi dzanja za iye mwini.

Liwu lakuti chilakolako lili ndi mbiri yonga ya lust. Tsinde lake ndi la kulakalaka, mneni woyera amene Buku Lopatulika lamuika m'kamwa mwa Yesu. Ndipo munthu anenabe lero kuti ali ndi chilakolako cha maphunziro, kapena kuti wodwala alibe chilakolako cha chakudya. Koma pa guwa liwuli lazolowera kumveka pamodzi ndi thupi, kotero kuti likangotchulidwa achinyamata aweramitsa mitu ndipo wamalonda wa sikelo yonyenga akhala chilili. Omasulira analiika pa Yakobo 1:14 ndi 15, ndipo pamenepo likhala bwino. Yakobo atenga mafanizo awiri. Loyamba ndi la msodzi kapena mlenje, pakuti mneni wake wachiwiri achokera ku delear, ndiyo nyambo. Munthu akokedwa ndi nyambo imene ili m'kati mwake momwe. Lachiwiri ndi la mkazi woima: epithumia itenga pakati, ibala tchimo, tchimo litakula libala imfa. Mayi ndi mwana sali munthu mmodzi, ndipo pakati pa kukokedwa ndi kubala pali nthawi. Mipingo inagawanika pa mfundo imeneyi. Msonkhano wa Trent m'chaka cha 1546 unati chilakolako chotsalira mwa obatizidwa sichili tchimo lenileni, koma chichokera ku tchimo ndipo chikokera ku tchimo. Katekisma wa Heidelberg wa 1563 aphunzitsa kuti lamulo lakhumi liletsa ngakhale kakhumbo kakang'ono kotsutsana ndi malamulo a Mulungu. Kugamula mlandu umenewo ndi kwa a zaumulungu. Wophunzira chilankhulo angoona kuti mbali zonse ziwiri zitsamira pa liwu limodzi la Chigiriki, ndi kuti m'Buku Lopatulika liwulo ndi chisiriro pa Aroma 7:7 koma zilakolako pa ndime yotsatira, kotero kuti mfundo ya Paulo, yakuti lamulo loletsa chinthu ndilo linadzutsa chinthu chomwecho, yafooka pakati pa njira.

Pamene anang'amba chimodzi, analumikizanso ziwiri zosiyana. Chigiriki chili ndi dzina lina, pleonexia, lochokera ku pleon, zambiri, ndi echo, kukhala nazo: mtima wofuna kuposa gawo lake. Ndilo Yesu achenjeza nalo pa Luka 12:15, munthu atampempha kuti auze mbale wake agawane naye chuma chamasiye, ndipo ndilo Paulo alitcha kupembedza mafano pa Akolose 3:5. Buku Lopatulika laika tsinde la kusirira pamenepanso, monga Chingerezi chaika covetousness. Koma mwini chuma wa m'fanizo la pa Luka 12, wopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, sanasirire cha munthu aliyense. Zonse zinali za m'munda mwake. Nthenda yake Achewa aitcha umbombo kapena dyera, ndipo ili pafupi ndi ya pusi uja wa ichi chakoma, ichi chakoma, amene anagwa chagada. Pa Akolose 3:5, pamene epithumia ndi pleonexia zaima moyandikana, wowerenga Chichewa aona chilakolako ndi chisiriro, naganiza kuti chachiwiricho ndicho liwu la pa lamulo lotsiriza, pamene m'Chigiriki liwu la pa lamulo ndi loyambalo.

Pa Luka 22:15 omasulira anakhoza. Chigiriki pamenepo chabwereza tsinde, dzina ndi mneni motsatizana, potsata kalankhulidwe ka Chihebri kotsimikiza chinthu mwa kuchinena kawiri. Baibulo la King James linatsata kubwerezako liwu ndi liwu, ndipo chiganizo chinatuluka chachilendo. Chichewa sichinavutike, pakuti kulakalaka ndi liwu lobwerezedwa kale m'kapangidwe kake, ndipo lili ndi kutalika kwa nthawi m'kati mwake: munthu salakalaka kamphindi. Kubwereza kwa mtundu womwewo kwa tsinde la epithumia kupezekanso pa Numeri 11:4 m'Septuagint, pamene anenedwa ndi anthu aja a nkhuli m'chipululu. Ndipo pascha pa Luka 22 ndi dzina la phwando komanso la mwana wankhosa wophedwa pa tsikulo, monga aonetsa ndime 7. Malo onse awiri anena za kudya nyama, ndi tsinde limodzi lonenedwa kawiri. A ku chipululu anaikidwa m'manda otchedwa ndi liwulo, ndipo wa m'chipinda chapamwamba anatenga chikho nauza ophunzira ake kuti achigawane.